Tsiku Limene a Mumba Anatisiya Kachiwiri

A Benson Miti analowa mu ofesi yanga Lachisanu m'mawa akukoka Eustace Daka ndi kolala, ine kapu ya tiyi ndisanaifikitse n'komwe pakamwa.

"Sajeni, m'tsekeleni uyu! Wachititsa manyazi Petauke yonse!"

"Yambani mwam'siya kolala, bambo," ndinatero. "Kugwila anthu ndi ntchito yanga. Yanu ndi kugulitsa feteleza."

Ine ndine Consolata Mvula, sajeni wofufuza milandu, ndipo munthu wondikuwira ndisanamwe tiyi amayamba mlandu wake ataluza kale theka. A Miti ndi apampando a komiti ya holo yatsopano yowerengeramo anthu. Eustace ndi uja amalemba zikwangwani m'tauni muno. Nkhuku yonenepa pabutchala, mitu yometedwa bwino kumsika, mayina a minibasi, zonsezo ndi dzanja lake. Ndi bambo wa ana atatu, koma tsiku limenelo anangoima chilili.

Nkhani yake inali ya a Mumba. Malemu a Stanislaus Mumba anali mphunzitsi wa ku Nyampande. Sanaimepo pachisankho, sanavalepo malaya a chipani chilichonse, koma andale akamva kuti a Mumba ali pamsonkhano, ankayamba kuyeza mawu. Ankalemba timabuku ta za ulamuliro, ankalankhula pawailesi, ndipo mawu awo aja akuti mpando ndi njinga yobwereka, ukwere koma ubweze matayala ali ndi mpweya, ngakhale ana asukulu amawadziwa. Inenso anandiphunzitsa, ndipo ndinkawakonda, ngakhale kuti apolisife sankatisiya. Anamwalira chaka chatha. Tsono Loweruka, mawa lake la Lachisanu limeneli, linali tsiku lowakumbukira. Holo inkayenera kutchedwa dzina lawo, ndipo mlendo wolemekezeka wochokera ku Chipata ankabwera kudzavundukula chithunzi chawo.

Vuto linali lakuti a Mumba kamera ankaithawa. Ankati nkhope zapakhoma n'za ofuna mavoti. Chithunzi chokha chimene anasiya n'cha pachitupa, chozilala moti ungati ndi malume a munthu aliyense. Eustace ndiye anadzipereka kuti awajambula ndi penti kuchokera m'mutu.

"Mailo m'mawa, Lachinayi, wabweletsa chinthu chokulunga m'chitenje," a Miti anafotokoza akuloza ndi makiyi a galimoto. "Akuti tisatsegule, penti ikali yaiwisi. Tachikhomela m'chipinda cha katundu. Lelo ndatsegula, mulibe! Loko ali bwinobwino. Ndipo mlonda akuti uyu anabwelanso masana. Ine ndaona kale, Sajeni. M'chitenje muja munalibe chithunzi, linali bolodi chabe. Munthu wojambula nkhuku angajambule a Mumba? Walephela, waopa manyazi, wabwela kudzaba bodza lake lomwe!"

Eustace anatsegula pakamwa. "Ndi... ndi... ndi..." Iye ndi wachibwibwi, ndipo akapanikizika liwu limamukanirira pammero.

"Mwaona? Alibe ndi choyankha chomwe!"

"A Miti, pitani mukakhome matenti anu. Ndipatseni mpaka dzuwa kulowa."

"Likalowa, agone m'chitokosi."

Chitokosi sichinkandidetsa nkhawa kwenikweni, munthu amalowa n'kutuluka. Dzina ndiye likalowa silituluka. Tauni yathu ndi yaing'ono. Akanangoti Eustace ananamiza anthu m'dzina la a Mumba, palibe akanam'patsanso ngakhale chitseko cha chimbudzi kuti alembepo.

* * *

A Miti atatuluka ndinam'patsa Eustace tiyi wanga uja, n'kudikira. Ndi wachibwibwi mankhwala ake n'kudikira basi.

"Unabwelelanji masana?"

"Ku-kuwaona a Mumba pachithunzi, amai. Ndinaopa kuti chitenje chi-chimata ku penti."

"Unalowa?"

"Iyayi. Pa-panali pokhoma. A Morgan, a-alonda aja, anali kumpopi, a-akusamba kumutu. Anangondikupiza dzanja kuti ndizipita."

"Kusamba kumutu? Masana, ali pantchito?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

"Alipo wina anachionapo chithunzichi? Mkazi wako? Ana?"

"Palibe."

"Iwe Eustace, ndithandize kuti ndikuthandize! Munthu ungajambule chinthu chachikulu chonchija osaonetsa ngakhale mmodzi?"

Anayang'ana m'kapu. "Ndi-ndimaopa, amai. Mwina ndi ine ndekha ndi-ndimawakumbuka choncho."

Ndinayang'ana zala zake. M'zikhadabo munali penti yabulauni ya mitundumitundu, yoderapo, yofiirirapo, ina yonga dothi lakudambo. Munthu wokulunga bolodi lopanda kanthu sasakaniza khungu la munthu mosamala chotero. Mtima wanga unam'khulupirira. Koma zikhadabo siziima m'khoti, ndipo makiyi a chipindacho anali ndi anthu awiri okha: a Miti, ndi mlonda wosamba masana uja.

* * *

A Morgan Sakala ndi mkulu wampingo. Bodza amaliopa kwambiri, ndiye sanena ayi, amangolizungulira. Ndinawapeza akusesa pakhonde la holo, malo amene anali osesa kale.

"A Sakala, mailo munaona wakuba pano?"

"Wakuba, amai, sininamuone. Mulungu ni mboni."

"Nanga mlendo?"

"Mlendo sanapondepo."

"Kiyi munapatsa munthu?"

Anatambasula manja onse awiri. "Manja aya sanapatse munthu kiyi."

"Eustace analowa m'chipinda?"

Tsache linaima. "Ine ninakamba kuti anabwela. Kuti analowa, anakamba ni a Miti."

Ee, mdala ameneyu! Yankho lililonse linali loona, koma ukawaika pamodzi sapanga kanthu. Ndinawauza kuti anditsegulire chipindacho. Munali mipando yapulasitiki yosanjikiza, zidebe, ndi malo opanda kanthu kukhoma pamene panatsamira chithunzi. Zenera linali ndi zitsulo zake zonse. Koma pakhomo penipeni, m'mphako za simenti momwe tsache silifika, munali fumbi loyera. Ndinatapa ndi chala n'kununkhiza. Sunali ufa, sinali laimu. Anali paudala wa makanda.

"A Sakala, kunyumba kuli khanda?"

"Awe. Womaliza ali ni ndevu."

Dzuwa linali litakwera, ndipo mdalayo anali thukuta kamukamu. Kuseri kwa khutu lawo, pamene madzi akumpopi sanafike, kunatsika kamzere koyera mpaka pakolala.

Kwathu kuno munthu wamkulu akayera ndi paudala, ndiye kuti wachokera kumaliro. Koma dzulo lake m'Petauke munalibe maliro.

* * *

Kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi geti ya holo, amakhala amai Happiness ndi chiwaya chawo cha vitumbuwa. Amenewa akayamba kulankhula, mafuta amapsa.

"Wakuba? Awe, amai Mvula! Ine nikhala pano kuyambila m'mawa, ngakhale ntchentche ikalowa pa geti paja niiona. A Miti ananifunsa kale, nawauza, wakuba kunalibe. Koma Eustace uja mwam'gwililanji? Mwana wa mpingo uja? Chikwangwani changa ichi analemba ni iye, onani chitumbuwa chake, ungachilume!"

"Siyani za wakuba. Ndiuzeni aliyense amene anatuluka pa geti atanyamula kanthu."

"Kunalibe. Wamatenti anabwela chimanjamanja, anapita chimanjamanja. Basi. Kupatula mbuya."

"Mbuya uti?"

"A Kapembwa, nanga ndani? Wakudya anyani uja wa ku Nyimba! Anafika nthawi ya chakudya, anatola vitumbuwa vanga viwili vakupsa, ati msonkho wa akapolo. Analowa mkati, tinamva a Sakala akuwa, watuluka wasenza chinthu monga chitseko pamutu, aimba nyimbo za kwawo. Ati, 'Natenga kapolo wanga, akaone kwawo!' Msika wonse kuseka! Anakwela minibasi ya ku Nyimba, katundu pamwendo."

Ndinagwira m'chiuno. "Amai Happiness, munthu wasenza chithunzi dzuwa likuswa mtengo, inu mukuona, ndipo simunanene?"

Anandiyang'ana ngati ndine wopepera. "Anafunsa za wakuba. Mbuya saba, amai Mvula. Amatenga."

Sananame ayi. Ife akum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya. Iwo amatinena kuti ndife odya mbewa, ife timati iwo ndi odya anyani, ndipo aliyense amati mnzake ndi kapolo wake. Pamaliro athu ndi pachikumbutso iwo ndiwo amakumba, amaphika, amatithira paudala kumaso, n'kulanda chimene afuna, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. A Wilbroad Kapembwa, dalaivala wamabasi wopuma, anali mbuya wa a Mumba weniweni. Awiriwo anatukwanana moseka kuyambira ali anyamata, ndipo pamanda a Kapembwa ndiwo analira koposa abale.

Nditacheuka, a Morgan anali kumbuyo kwanga, chipewa chili m'manja.

"Ananithila paudala m'maso, amai. Kiyi anazitengela okha m'thumba, anabwezanso okha. Ninayesa abweletsa m'mawa a Miti asanafike."

"Ndiye mwaona mwana wa eni akukokedwa ndi kolala, inu duu?"

"Nikasumila mbuya kupolisi, ine azaniika ndani m'manda?"

"Mukufa liti, a Sakala? Eustace akufa lelo!"

Anagwetsa nkhope, ndipo ndinawasiya choncho kuti ziwapweteke pang'ono. Wotenga ndinali nditamudziwa. Koma mawu a a Miti anali akadali chiimire, chifukwa msika wonse unaona chitenje, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona zamkati.

* * *

Ndinam'tenga Eustace n'kukwera naye minibasi ya ku Nyimba. Kwawo kwa a Mumba ndi ku Nyampande, koma a Kapembwa sanalowere kumeneko. Ndinaganiza kuti kwawo kwa mwamuna ndi kumene kuli mkazi wake. Amai Rita, amasiye a malemuwo, miyendo inawakana, ndipo amakhala ku Nyimba kwa mwana wawo Lillian.

Azimayi a nthochi atatizinga pasiteshoni ndinam'gulira Eustace phava, koma anangolifumbata.

"Chapezeka, ukuopanso chiyani?"

"A-amama akachiona n'kufunsa kuti u-uyu ndani?"

Ndinangoti tiye.

A Kapembwa tinawapeza pansi pa mtengo wa mango kunja kwa nyumba ya Lillian, atakhala pampando wachikopa, chitini cha paudala chili pambali ngati mfuti. Atangondiona anadzuka n'kundilonjera m'Chibemba chawo.

"Yangu, odya mbewa atuma kapokola! Mwaiseni, ba Sajeni, kapolo wanga wamkazi!"

Ndisanatsegule pakamwa, yunifolomu yanga inali mbuu. Zoona, boma lonse lathunthu kulithira paudala wa makanda! Ndinawalanda chitinicho.

"Ambuya, lelo sindiseka. Mukumuona uyu? Wakokedwa ndi kolala pakati pa tauni. Akuti ndi wakuba, akuti ndi wabodza, akuti sanajambule kanthu. Dzuwa likalowa agona m'chitokosi chifukwa cha masewela anu."

Kuseka kunawathera pankhope. "Awe, mukwai. Ine nakuwa msika wonse kuti natenga!"

"Munakuwila anthu amene sangakunenezeni."

Anayang'ana Eustace, kenako anavula chipewa. Mdala wa imvi, wosagonjera munthu, anagwira dzanja la Eustace ndi manja awiri. "Mwana wanga, nakulakwila. Chimbuya nichita na aba odya mbewa akuluakulu, osati kupweteka iwe." Anatembenukira kwa ine, maso atafiira. "Koma mvelani, ba Sajeni. Nafunsa Miti kuti, mulamu wanga aziona liti chithunzi? Ati mailo Loweluka, pamodzi na anthu onse, mlendo wolemekezeka akachotsa nsalu. Mlendo! Munthu amene sanamwepo ngakhale madzi na Stani! Mkazi anam'chapila malaya moyo wonse aone nkhope ya mwamuna wake ali m'tenti, makamela ali pamphuno, alile pamaso pa andale? Awe mwandi. Stani akanamva, akanalemba kabuku."

Mkwiyo wanga unayamba kusungunuka, ndipo zinandinyansa kuti ukusungunuka msanga.

"Munachitsegula?"

"Ine? Anatsegula ni mwine wake. Anachiyang'ana, ananiuza kuti tuluka, Wilbroad, tili na nkhani za m'banja. Kuyambila mailo nili panja monga galu."

"Koma anati chiyani za chithunzicho?"

Analoza zenera ndi chibwano. "Mvelani mwekha."

M'nyumbamo munkamveka mawu a mayi wokalamba, okwera, osapumira. Munthu wina ankakalipiridwa kwambiri.

* * *

"...ndipo denga lija munati mukonza mvula isanabwele, lili pomwepo mpaka lelo. Za dziko lonse nzelu munali nazo, koma msomali umodzi, ayi! Lillian wakwezedwa pantchito, simunamve, munali mutapita kale. Mumafulumila chiyani? Ndani anakuitanani?"

Tinaodira n'kulowa. Amai Rita anali pampando wawo wa ndalema, miyendo itafundidwa bulangeti. Patsogolo pawo, pampando wina, chitenje chitagwera pansi, panali a Mumba.

Ine ndaona mitembo, ndaona ngozi zapamsewu waukulu, sindinjenjemera wamba. Koma apa ndinapezeka ndakonza lamba ndi kuimika mapewa. Sanali a Mumba apamsonkhano, a chala m'mwamba. Anali atapendeketsa mutu pang'ono, chibwano chili pachikhatho, milomo yotseka, maso ali pa iwe, osathamangira kulikonse. Ngati kuti wayamba kuwauza kanthu ndipo akudikira kuti umalize.

"Ndani wandichitila zimenezi?" anafunsa amai Rita osaticheukira.

Eustace anagwada pakhomo pomwepo. "Ndi-ndine, amama. Eustace, mwana wa a Daka. Ngati nda-ndalakwitsa..."

"Sendela kuno."

Anasendera chogwada.

"Anthu onse amam'dziwa ali kukamwa yasa. Ndinkayesa mundibweletsela yemweyo, wa pawailesi, ndipo ndinakonzeka kuwomba m'manja mwaulemu. Koma nkhope iyi ankaivala tikatsala awili, ine ndikulankhula. Ndinkayesa ndi yanga ndekha. Iwe unaiba kuti?"

"M'ka-m'kalasi, amama. Ndikaima kuti ndiyankhe, anzanga a-ankaseka. Iwo ankakhala pa desiki chonchi, n'ku-n'kudikila. Ngakhale belu lilile. Mpaka liwu li-lituluke."

Amai Rita anatenga manja ake apenti aja n'kuwaika pamiyendo pawo. "Ndi yemweyo, mwanawe. Sunaphonye ngakhale pang'ono. Ndi mwamuna wanga."

Eustace anaika chipumi pabulangeti n'kulira ngati mwana, mapewa akugwedezeka. A Kapembwa, amene anali atazemberamo, anayamba kutsokomola ndi kunamizira paudala. Inenso ndinanamizira yemweyo.

Foni yanga inalira. Anali a Miti.

"Sajeni, dzuwa lapendeka. Wavomela?"

"Chapezeka, bambo. Chili ku Nyimba kwa amai Mumba. Anatenga ndi ambuya anu a Kapembwa."

A Miti ndi Mnsenga ngati ine, ankadziwa kuti mlandu wathera pomwepo. "Nanga... pali nkhope?"

"Bolodi lopanda kanthu silikalipilidwa za denga, a Miti. Pali nkhope. Ndipo mailo, musanapatse moni mlendo wanu, mudzayamba mwapepesa Eustace pamaikolofoni, pamaso pa anthu amene anakuonani mukum'koka."

"Na nsalu achotse mulamu wanga!" anakuwa a Kapembwa. "Apo ayi, nikuthila paudala pa suti!"

"Chabwino, chabwino, ndamva," anatero a Miti, mawu atafewa. "Ndinalakwa. Koma chibwele lelo, Sajeni. Tiyenela kuchikhoma kukhoma, okongoletsa akudikila. Nditumiza galimoto pompano."

Amai Rita anatambasula dzanja. Ndinawapatsa foni, ndipo anaigwira patali ndi khutu monga achitira okalamba.

"Benson, ndine amake Lillian. Munthu uyu moyo wake wonse mwakhala mukunditengela. Lelo msonkhano, mailo wailesi, mkuja maliro a eni. Chakudya chinkazizila patebulo, sindinakanepo. Mailo bwelani mudzam'tenge, ngwanu. Koma lelo agona kunyumba."

Anandibwezera foni a Miti asanayankhe. Kenako anakonza bulangeti, natikupiza dzanja tonse atatu kuti tituluke, n'kutembenukira kumpando uja.

"Eya, bambo ake Lillian. Tinalekela pati?"